Ku Roma Kulibe Siwa

Kwathu akamva kuti mwana wa uje ali ku Roma, amangoti basi, ameneyo watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ena amakhulupirira ndithu kuti m'mawa uliwonse timapatsana moni ndi Apapa pakhonde. Msuweni wanga anandilembera pa WhatsApp kuti ndimupezere kolona yodalitsidwa ndi Apapa, ndipo m'munsi mwake anawonjezera kuti kolonayo ikavuta, foni ya Samsung ingokwanira. Ndinaseka, koma sindinamudabwe. Tsiku londiperekeza pa bwalo la ndege la Kamuzu, minibasi inadzaza ndi abale, ndipo azakhali anayimba nthungululu pakhomo penipeni polowera mpaka apolisi kucheuka.

Kunena zoona, moyo wa kuno ndi wa belu, monga unalili ku seminale, ku Kasina ndi ku Kachebere. Belu loyamba limalira kunja kukali mdima. Timasonkhana m'tchalitchi, mbali iyi kuyamba salimo, mbali inayo kulandira, kenako Misa, zonse m'Chitaliyana. Chakudya cham'mawa ndi kakapu ka khofi wowawa ndi kabuledi. Munthu wa ku Dedza wozolowera tiyi wodzaza kapu ndi mbatata zinayi amayamba wakhala kaye, kudikira kuti chakudya chenicheni chikubwera m'mbuyo. Sichibwera. Ukatero umanyamula mabuku n'kupita m'kalasi.

Timaphunzira pa yunivesite ya Urbaniana, pa phiri la Gianicolo. Chiyambi chake ndi sukulu imene Papa Urban VIII anakhazikitsa mu 1627 kuti iziphunzitsa ansembe a m'mayiko amene Uthenga Wabwino unali kungofika kumene. Mpaka lero benchi imodzi imakhala ndi mnyamata wa ku Vietnam, wa ku India, wa ku Nigeria ndi wa ku Congo. Timalimbana ndi Chigiriki, Chihebri, malamulo a Mpingo, mbiri ya misonkhano ikuluikulu ya maepiskopi. Mayeso ambiri ndi apakamwa: umakhala maso ndi maso ndi mphunzitsi, iye kufunsa, iwe kuyankha, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira. Mphunzitsi amalankhula Chitaliyana, ine ndimalemba m'Chingerezi, koma ndikafuna kudziwa ngati ndamvetsadi, ndimadzifunsa kuti kodi zimenezi ndingakawafotokozere bwanji amayi a mumphakati wathu, atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango Lamulungu masana. Nthawi zambiri mawu amandithera, ndipo ndimadziwa kuti phunzirolo likadali m'buku, silinalowe mwa ine.

Ikakwana 12 koloko masana, mzinga umaphulika pamwamba pa phirili. Mwambowu anauyambitsa Papa Pius IX mu 1847, kuti mabelu a matchalitchi onse a mumzindawu azilira nthawi imodzi. Obwera kumene amadzidzimuka, ena mpaka kugwetsa cholembera. Ife akale timangodziwa kuti pasita yayandikira.

Ndikulemba izi mu Januwale. Mitengo yambiri ili mbee, yopanda tsamba, ndipo pofika 5 koloko madzulo magetsi a mumsewu amakhala atayaka kale. Ndinkadzitama kuti wobadwira kufupi ndi Bembeke sangaope kuzizira kwa kwina kulikonse, koma kuzizira kwa kwathu kumakhala ndi moto wake, anthu atauzungulira, chimanga chokazinga chikuyenda m'manja. Kwa kuno munthu amakumana nako yekha m'chipinda. Nyengo ino nthawi ya kuno imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya kwathu. Kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka mu Okutobala timafanana. Choncho ndikamadzuka ndimadziwa kuti amayi afika kale kumunda. Ndimadziwa kuti chimanga chafika m'chiuno, kuti anthu akubandira, kuti nkhani pa chigayo ndi pa mjigo ndi mtengo wa feteleza wobereketsa. Ndimadziwanso kuti ino ndi miyezi imene nkhokwe zimayankhula zokha, ana kumagonera maungu osakhwima kapena nkhwani wopanda nsima. Ndiye ukakhala patebulo, mbale yoyamba, mbale yachiwiri, chipatso pamwamba, chakudya chimatsika movutikira. Palibe amene wakulakwira, koma mtima umakutsutsa.

Loweruka lina timatsika phiri, ine ndi anzanga awiri, wa ku Chipata ndi wa ku Tanzania, n'kupita ku msika wa pafupi ndi Piazza Vittorio, kuseri kwa siteshoni ya Termini. Kumeneko anthu a ku Bangladesh ndi a ku China amagulitsa chilichonse: chinangwa, therere lobala, nsomba zouma, ndi ufa woyera wa m'mapaketi. Ataliyana ali ndi phala lawo la chimanga lotchedwa polenta, lachikasu, ndipo amadabwa tikalikana. Sadziwa kuti kwa ife ufa wachikasu umatikumbutsa chimanga cha thandizo cha zaka za njala. Mthiko ndinachita kubwera nawo m'sutikesi, pakati pa mkanjo ndi Baibulo. Amayi anaukankhiramo ine ndikukana. Timaphikira m'kakhitchini kakang'ono, mnzanga wa ku Chipata atagwira mphika ndi kansalu, ine ndikuvundula. Ufa wake sugwirana bwino, nsomba zake si usipa, ndiwo zamasamba zilibe nsinjiro. Koma timasamba m'manja, n'kukhala pansi, n'kudya osalankhula. Tikakhuta m'pamene nkhani zimayamba, za mpira, za Maule ndi Manoma, za aphunzitsi athu akale. Mnzanga wa ku Tanzania amangoseka, chifukwa tikafika pamenepo timamuiwala n'kuyamba Chichewa chokhachokha.

Njala ya nsima imatha ndi mphika umodzi. Imene siitha ndi ya Lamulungu.

Mzinda uno uli ndi matchalitchi oposa 900. Ena mukalowamo khosi limachita kuwawa ndi kuyang'ana kudenga. Koma ambiri olowamo ndi alendo odzajambula zithunzi, ndipo Misa ikayamba pa kaguwa ka pambali, mumapezeka agogo asanu ndi awiri ndi wansembe. Mphindi makumi anayi, zatha, aliyense wa kwawo. Ine ndinakulira pa tchalitchi cha nthambi, cha njerwa zootcha tokha, mabenchi ake a dothi, kumene wansembe amafika mwina kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo nyengo ya mvula msewu ukaduka, mpaka Pasaka. Tsiku loti abwera, anthu amalawirira kudzaima pamzere wa kulapa. Kwaya imakhala itaphunzira nyimbo sabata yonse. Atsikana ovina amatsogola, ng'oma ndi visekese zikuyankhana, ndipo pa chopereka pamabwera mtulo: nkhuku yomanga miyendo, mazira m'kambale, lichero la ufa, mtolo wa nzimbe. Misa ya maola atatu palibe woyang'ana wotchi. Kuno ndaonapo ansembe makumi angapo atazungulira guwa limodzi pa Misa ya tsiku wamba, ndipo ndinayamba kuwagawa mumtima: awiri ku nthambi yathu, atatu kutsidya kwa mtsinje, ena kumapiri kuja kumene galimoto sifika.

Ndisanamizire Ataliyana kuti alibe chikhulupiriro. Nthawi ya tchuthi amatitumiza kukathandiza m'maparishi a kumidzi, ndipo kumeneko ndinaona amayi okalamba osaphonya Misa ngakhale tsiku limodzi, ndi achinyamata ophikira anthu osowa pokhala usiku uliwonse osayembekeza kuthokozedwa. Ambiri mwa amishonale a Chimonfoti amene anagwira ntchito ku Mangochi ndi ku Balaka anachokera kuno, makamaka dera la Bergamo, ndipo zipatala ndi sukulu zina za kwathu zinamangidwa ndi ndalama za anthu wamba a kuno, osati olemera ayi. Chikhulupiriro chilipo, kungoti n'chachete, ndipo ana ake ndi ochepa. N'chifukwa chake maparishi ambiri akuyang'ana kwa ife. Mayi wina atandipatsa chakudya anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti ndikadzadzozedwa ndidzabwerere kwathu kukatani, pamene iwo alibe wansembe. Yesero limeneli lilipo, ndipo tisamabise. Kuno magetsi sazima, chipatala chili pafupi, ndipo ma euro ochepa otumiza kumudzi amalipira fizi ya ana atatu. Amene anasankha kutsalira sindiwaweruza. Koma anandituma ndi Ambuye Episkopi, ndipo anandilera ndi masika a anthu osauka.

Mu 2025 ndinaona zinthu zimene ndidzasimbire adzukulu a alongo anga. Papa Francis anamwalira pa 21 Epulo 2025, Lolemba lotsatira Pasaka. Anthu pafupifupi 250,000 anadutsa m'tchalitchi cha Petulo Woyera kudzaona thupi lawo, ndipo ine ndinali mmodzi mwa iwo. Pa 26 Epulo ndinaima m'khamu pa Misa ya maliro, atsogoleri a mayiko atakhala kutsogolo, bokosi la matabwa wamba lili pakati. Pa 8 Meyi madzulo utsi woyera unatuluka, mabelu anayamba kulira, ndipo tinatsika phiri chothamanga, mikanjo titaikwinyira m'manja, kukaona Papa Leo XIV akutulukira pakhonde. Usiku umenewo foni yanga sinapume. Aliyense kwathu ankafuna kudziwa ngati ndinaliko. Ndinaliko.

Mu Novembala agogo anga aakazi anamwalira, ndipo kumeneko sindinaliko.

Uthenga unandipeza titangotha chakudya chamadzulo. Anali amalume, mawu ojambula, mphepo ikuwomba pa foni. "Mphwanga, limba mtima. Amayi atisiya masana ano. Sitinafune kukusokoneza ndi sukulu." Pambuyo pake m'pamene ndinamva kuti anagonekedwa m'chipatala masabata angapo, anatulutsidwa, n'kukathera kunyumba. Nthawi yonseyo ndinkaimba foni, ndikufunsa kuti agogo ali bwanji, yankho n'kumakhala lakuti ali bwino, koma miyendo. Onse anapangana. Akuluakulu a nyumba yathu kuno sanandikanize kupita, koma ndege ya kudzera ku Addis Ababa ikanandifikitsa manda atawundidwa kale. Kumudzi kulibe mochedwetsera thupi, ndipo Novembala ndi wotentha.

Mlongo wanga ndiye anachita nzeru. Anagula bandulo, anaimba, n'kuika foni pawindo la nyumba ya siwa. Ine ndinakhala pansi m'chipinda changa, msana nditatsamira bedi, ndikumvera. Ndinamva amayi a Lejio akuyamba kolona, mmodzi kutsogola, gulu kulandira. Ndinamva nyimbo zija zimayimbidwa mokoka pakati pa usiku, mawu atasasa. Ndinazindikira chifuwa cha agogo ena oyandikana nafe, amene akhala akutsokomola chimodzimodzi chibadwire ine. Patali pang'ono amuna ankalankhula motsitsa pamoto, ndipo wina anaseka, monga zimakhalira pamaliro a munthu wokalamba. Kenako kunafika anthu a kumudzi kwina, ndipo kulira kunayambiranso pachiyambi, amayi anga akutchula mayi awo, akuwafunsa kuti awasiyira yani. Netiweki inkaduka, ine kuimbanso, kuduka, kuimbanso. Cha m'ma 2 koloko batire ya mlongo wanga inatha.

Mnzanga wa ku Chipata anali atalowa osagogoda. Sananene kanthu. Anavula nsapato, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, n'kukhala pomwepo mpaka kunja kunayera. Wa ku Vietnam, amene sanamve liwu ndi limodzi lomwe la zimene zinkatuluka mu foni, anabwera ndi tiyi n'kukhalanso. Ndiwo anthu amene anachezera maliro a agogo anga kuno.

Anaika maliro ndi akatekisiti. Bambo Mfumu anali ku nthambi ina, mtunda wautali. Akatekisiti athuwo sukulu anailekezera ku pulayimale, njinga yawo ilibe mabuleki, ndipo buku lawo la mapemphero linathothoka chikuto kalekale. Ndiwo anawayendera agogo akudwala, ndiwo anakaitana wansembe kuti adzawadzoze mafuta sabata imodzi asanamwalire, ndiwo anayenda kutsogolo kwa bokosi mpaka kumanda. Ine wa Chigiriki ndi Chihebri ndinali pa mtunda wa makilomita zikwi zingapo, foni ili m'manja.

Kuno maliro ndi a banja. Thupi amalitenga a kampani, Misa siikwana ola, anthu ovala zakuda amapatsana manja pakhomo la tchalitchi, ndipo bokosi kawirikawiri amakalilowetsa m'kabowo ka pakhoma la kumanda n'kutseka ndi mwala. Oyandikana nawo nyumba amapita kuntchito tsiku lomwelo. Kulibe adzukulu, kulibe moto wa panja, kulibe amayi osenza nkhuni ndi ufa. Anzanga a kuno anandipepesa ndi mtima wonse, koma patapita masiku awiri ankayembekeza kuti ndachira. Sakanamvetsa kuti chimene chinkandidya si imfa yokha. Agogo anali okalamba, anapita bwino, atalandira masakramenti. Chinkandidya n'chakuti kwathu maliro n'kulirana, ndipo anthu amaona amene wabwera ndi amene sanabwere. Mayi amene anandiphunzitsa chizindikiro cha mtanda, atagwira dzanja langa lamanja m'dzanja lawo lonunkhira utsi, sindinawaponyere ndi dothi lomwe.

Wansembe amene amanditsogolera pa moyo wauzimu anandimvera mpaka ndinamaliza, kenako anandiuza kuti ndipite ku tchalitchi cha Sant'Agostino, kufupi ndi Piazza Navona. Mmenemo, kumanzere kwa guwa lalikulu, muli manda a Monika Woyera, mayi wa Augustino. Anali mayi wa ku Africa, wa ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Anawoloka nyanja kutsatira mwana wake wosamva, ndipo mwanayo atabatizidwa ku Milan mu 387, anayamba ulendo wobwerera kwawo. Anafika pa doko la Ostia, pamene mtsinje wa Tiber umathira m'nyanja, n'kudwala malungo akudikira chombo. Kwawo anali atakonzeratu manda pambali pa mwamuna wake. Mwana wake wina anadandaula kuti mayi awo afera kuchilendo, koma Monika sanalabadire za malo oikidwa. Chimene anapempha ana ake n'chakuti azimukumbukira pa guwa la Ambuye kulikonse kumene angakhale. Anaikidwa ku Ostia komweko, ndipo mafupa ake anawabweretsa mu Roma mu 1430.

Nkhaniyi ndinaiphunzira kale ku Kachebere, ndipo ndinakhoza nayo mayeso. Koma nditagwada pamenepo ndinayamba kukangana naye mayiyu. Ndinamuuza kuti kwa iye zinali zosavuta, chifukwa ana ake anali pambali pa mphasa, anamutseka maso. Ndinamuuza kuti kwathu munthu amagona pakati pa anthu ake, ndipo mdzukulu amene anamulera amayenera kuoneka. Ndimakhulupirira zimene Mpingo umaphunzitsa, kuti pa Misa amoyo ndi akufa amakumana, kuti guwa la kuno ndi la ku nthambi yathu ndi limodzi. Ndimazikhulupirira kwambiri tsopano kuposa kale, chifukwa ndilibe china chogwira. Koma ndinganame nditati zinachotsa ululu. Chiphunzitso chinandipatsa pokhala ndi ululuwo, basi. Dzina la agogo ndimalitchula chamumtima pa Misa iliyonse, pamene wansembe amapempherera omwalira, ndipo masiku ena zimandikwanira, masiku ena ayi.

Chimene chinandikhazika mtima pansi pang'ono ndi kukumbukira manda a ku Mua. A White Fathers anafika kumeneko mu 1902, chaka chimodzi a Chimonfoti atafika ku Nzama. Anali anyamata ngati ine, ochokera ku France, ku Holland, ku Canada. Kalata inkatenga miyezi. Ambiri ankamva za imfa ya mayi awo udzu utamera kale pamanda, ndipo ena malungo anawatenga asanaonenso kwawo. Ndili mwana ndinkadutsa pa mitanda yawo osaganizapo kanthu. Lero ndikudziwa zimene ankamva madzulo, ng'oma zikulira kumudzi, chilankhulo chisanalowe. Popanda kusungulumwa kwawoko sipakanakhala Bambo Cornelio Chitsulo, wansembe woyamba wa dziko lathu mu 1937, amene anadzakhala episkopi wa Dedza mu 1957, ndipo agogo anga sakanadziwa kolona.

Tsopano mantha anga ali pa kubwerera. Chilowereni ku seminale yaikulu amayi anasiya kunditchula dzina. Amati "Abulazala", ndipo pa foni amandipatsa ulemu ngati mlendo. Ndikapita ku tchuthi ankandiyalira mpando pamene abale anga akhala pamphasa, n'kundiphera nkhuku ana akudyera nyemba. Ndikadzabwera ndi pepala la ku Roma mtundawo udzakula. Ndipo ulemu umenewu ndi womwe unachititsa kuti andibisire matenda a agogo: anaona kuti maphunziro anga ndi aakulu kuposa imfa ya mayi wa kumudzi. Sindiwakwiyira, anachita mwa chikondi. Koma analakwitsa, ndipo ife ovala mikanjo tili ndi gawo pa kulakwitsako, chifukwa tinazolowetsa anthu kuti ndife osafunika kuvutitsidwa. Tonse tikumudziwa wansembe wofika pamaliro ndi galimoto Misa itatsala pang'ono, n'kunyamuka adzukulu asanamalize kufotsera. Tikumudziwanso wina amene amafika madzulo, n'kukhala pa chipika pamodzi ndi madoda, utsi ukumulowa m'maso. Sindilumbira kuti ndidzakhala wachiwiriyu, poti ndaona anthu abwino kuposa ine akusintha. Koma ngati mabuku onsewa sadzandifikitsa pa chipika chimenecho, ndiye kuti akatekisiti a njinga yopanda mabuleki aja anandiposa, ndipo ndalama za masika zinapita pachabe.

Inu amene muli ndi mwana kutali, kaya ku seminale, kaya ku Joni, kaya ku Ulaya, musamamubisire matenda. Musadikire kuti mayeso athe kapena kuti mwezi uthe. Muuzeni wodwala akadali ndi mpweya, muike foni pakhutu pake, atsanzikane. Kulira sikulepheretsa munthu mayeso. Ndipo a mumphakati wathu, wina akadwala kapena akatisiya, nditumizireni dzina lake tsiku lomwelo, usiku kapena usana.